Mmene Mlalang'amba wa NGC 1132 Unaumbikira

Mlalang'amba wa NGC 1132 uli mbali ya thambo yotchedwa Eridanus, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 320 miliyoni kuti kutipeze kuno. Pa chithunzi cha telesikopu ya Hubble chimene chinatulutsidwa mu 2008, umaoneka ngati mtanda wa nsima: wobulungira, wosalala, wopanda mikono yopindika imene mlalang'amba wathu uli nayo. Pakati pake n'powala kwambiri, m'mbali kuwalako kumazimirira pang'onopang'ono. Kusalala kumeneku ndi kumene kumandigometsa, chifukwa sikunabwere tsiku limodzi.

Akatswiri ambiri a zakuthambo amaona kuti poyamba panali gulu la milalang'amba ingapo ikuluikulu, yomazungulirana. Mmisiri amene anaiphatikiza ndi mmodzi yekha, mphamvu yokoka, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kochititsa kaso. Mlalang'amba ukamadutsa pakati pa nyenyezi ndi zinthu zosaoneka koma zolemera zotchedwa dark matter, umazikokera kwa iwo, zimenezo n'kuunjikana m'mbuyo mwake. Muluwo nawonso umaukoka chammbuyo. Liwiro limachepa, njira yake imafupika, ulendo uliwonse n'kumayandikira pakati pa gulu. Masamu a mabuleki amenewa anawalongosola ndi Subrahmanyan Chandrasekhar mu 1943. Chosangalatsa n'chakuti wolemera ndiye umagwidwa msanga. N'chifukwa chake ikuluikulu inatha yonse, koma timilalang'amba ting'onoting'ono tikadalipo, tikuzungulira chimphonacho mpaka lero.

Nanga ikakumana? Munthu angayembekezere kuphwanyika koopsa, koma nyenyezi n'zotalikirana kwambiri moti zimangopyolana osagundana. Chimene chimasokonekera ndi njira zake. Nyenyezi zimene zinkayenda mwadongosolo, zonse kulowera kumodzi, zimamwazika, ina uku ina uko, ina chokwera ina chotsika. Mwa mayendedwe osiyanasiyanawo mumatuluka thupi lobulungira lija. Mpweya wozizira, umene ndi mbewu ya nyenyezi zatsopano, umapanikizika, n'kubala nyenyezi zambiri nthawi imodzi, kenako n'kutha. Zotsala ndi nyenyezi zakale zachikasu, pamodzi ndi timagulu tothithikana ta nyenyezi tokwana masauzande angapo, timene Hubble imationetsa ngati timadontho.

Umboni waukulu wa gulu lakalelo maso sangauone. Telesikopu ya Chandra, imene inapatsidwa dzina pokumbukira Chandrasekhar yemwe uja, imajambula kuwala kwa X-ray. Inaonetsa kuti NGC 1132 wakutidwa ndi mpweya wotentha madigiri mamiliyoni, wofalikira kutali pafupifupi kakhumi kuposa pamene nyenyezi zimalekezera. Mpweya wotentha chonchi ukanathawa kalekale pakanapanda cholemera choumanga, ndipo kulemera kofunikako n'kofanana ndi kwa gulu lathunthu la milalang'amba. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amautcha mlalang'ambawu fossil group, kutanthauza chotsalira cha gulu limene linadziphatika lokha kukhala chinthu chimodzi.