Ahijra m'mafilimu: Zovala Zilipo, Munthu Palibe

Ku India, Pakistan ndi Bangladesh kuli anthu otchedwa ahijra, ambiri mwa iwo obadwa ndi thupi lachimuna koma okhala moyo wachikazi, amene amapeza chakudya povina ndi kudalitsa anthu pamaukwati ndi pakabadwa mwana. Lamulo la atsamunda la mu 1871 linkawayesa zigawenga, ndipo munali mu 2014 pamene khothi lalikulu la India linawavomereza ngati gulu lachitatu pambali pa amuna ndi akazi. Opanga mafilimu nawonso awalakwira, ndipo cholakwa chawo ndi ulesi pa luso. M'malo moumba mpangankhani wokhala ndi zokhumba, mantha ndi mbiri yake, amangotola chovala cha sari, zodzoladzola zankhaninkhani ndi kuomba m'manja kwaphokoso, basi ntchito yatha.

Mafilimu awiri a Mahesh Bhatt akuonetsa kusiyana kwa njira ziwirizi. Mu Sadak wa mu 1991, Sadashiv Amrapurkar anasewera Maharani, mhijra wankhanza mwini nyumba ya uhule, mpaka analandira mphotho ya Filmfare. Koma mantha a woonera agona pa maonekedwe a Maharani, ngati kuti thupi lakelo ndilo gwero la nkhanzazo. Mu Tamanna wa mu 1997, Tikku, mhijra yemwe anamusewera Paresh Rawal, amatola khanda lachitsikana lotayidwa n'kulilera. Apa nkhani ikuyenda chifukwa cha zimene Tikku wasankha kuchita, ndipo woonera amayamba kumuyeza ngati kholo.

Ena amati chigawenga cha m'filimu chikhoza kukhala munthu aliyense, komanso kuti ntchito ya mtengambali ndi kuvala moyo wa wina. Mfundoyi ili ndi mutu, pakuti Vijay Sethupathi anasewera mogwira mtima Shilpa, wobadwa ndi thupi lachimuna koma wokhala moyo wachikazi, mu Super Deluxe wa mu 2019. Komabe anthu ooneka mwa apo ndi apo, kawirikawiri ngati choopseza kapena choseketsa, amaweruzidwa onse ndi chithunzi chimodzicho, pomwe mwamuna woipa m'filimu sadetsa mbiri ya amuna onse. Amene amati filimu imayenda malonda ndi akatswiri otchuka okha aganizire za Joyland wa ku Pakistan wa mu 2022. Wotsogolera filimuyo, Saim Sadiq, anapereka mbali ya Biba, wovina wa ku Lahore, kwa Alina Khan, amene moyo umenewu ndi wakewake, ndipo filimuyo inapata mphotho ku Cannes. Wolemba amene sangathe kunena chimene mhijra wa m'nkhani yake akufuna pamoyo sanamalize kulemba.