Cithunzi ca nyani wosanduka munthu: ticiike pakhoma?

Ambiri a inu atsogoleri a makalasi munacionapo cithunzi cija. Kumanzere kuli cinyama conga nyani, patsogolo pake wina wowerama, kenaka wina woongoka pang'ono, mpaka kumanja kumene kwaima munthu wamtali. Cili m'mabuku a ana, pa malaya a pa kaunjika, ngakhale m'mafoni. Ena atifunsa ngati angacipacike pakhoma pophunzitsa mbiri ya anthu. Ife tikuti ai.

Anacijambula ndi Rudolph Zallinger, m'buku la F. Clark Howell lochedwa Early Man, limene linatuluka ku America mu 1965. Luso anali nalo bamboyu, pamenepo sititsutsa. Anaika zamoyo 15 pamzere, ndipo mau a m'bukumo anacenjeza kuti zina mwa izo sizinali makolo athu koma nthambi zimene zinatha. Nanga mayi amene akulimbana ndi a, e, i, o, u awerenga timau tating'onoting'onoto? Diso lake liona mzere basi, ngati anthu otsatana m'kanjira ka kudimba, ndipo abwerera kwao ndi mau akuti: "Akuti tinacokera kwa anyani."

Eetu, akatswiriwo sanena zimenezo. Nyani wakuba cimanga kuphiri la Domwe si gogo wa munthu aliyense. Cimene Thomas Huxley anaonetsa mu 1863, poyerekeza mafupa ndi ubongo, ndi cimene Charles Darwin analemba mu 1871, ndi cibale, conga ca asuweni ocokera kwa kholo limodzi lakalekale. Msuweni wapafupi kwambiri ndi cimpanzi, nyama ya m'nkhalango za ku Congo ndi kumadzulo kwa Tanzania, imene kuno kwathu kulibe. DNA yake ifanana ndi yathu pa magawo oposa 98 mwa 100, ndipo njira zathu zinapatukana zaka ngati 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Nyani ndi pusi ndi abale a patali ndithu: kupatukana kwathu ndi iwo kwaposa zaka 25 miliyoni.

Umboni wotsutsa mzerewu suli kutali. Ku Karonga, kumpoto kwa Malawi, m'mphepete mwa nyanja yomwe ija tiicha Niassa, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza cibwano ca m'munsi pa malo ochedwa Uraha mu 1991. Cili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo anati nca Homo rudolfensis, mmodzi mwa oyambirira a mtundu wa Homo. Mu 1996, ku Malema, m'boma lomwelo, anapezanso cidutswa ca cibwano ca m'mwamba ca Paranthropus boisei, wa mano akuluakulu otafunira zolimba. Onse awiri anali oyenda ndi miyendo iwiri, a nyengo yofanana, m'dziko limodzi. Tsono pamzere wa Zallinger tiika uti patsogolo, uti pambuyo? Wa mano akuluyo anatha osasiya mbumba. Mzere ulibe malo a munthu wotere, koma mtengo wa nthambi uli nawo.

Cifukwa cina ncowawa, ndipo ndico catilembetsa nkhaniyi. Taonani bwino amene waima kumapeto kwa mzere: mwamuna wa khungu loyera. Mkazi mulibemo ngakhale mmodzi, ngati kuti amuna anabalana okhaokha! M'makalasi athu muli agogo amene m'masiku a cibalo anachedwa "makaku" ndi atsamunda. Ndipo si pakamwa pokha. Mu 1936 ndi 1937 katswiri wa ku Porto, Santos Júnior, anayendera dera la Tete ndi zipangizo zoyezera mitu, mphuno ndi msinkhu wa anthu, ndipo mu 1944 anatulutsa buku lonena za Anyungwe ndi Antumba. Maphunziro a nthawi imeneyo ankakonda kusanja mitundu ya anthu ngati makwerero, wina pamwamba, wina pansi. Zofufuza za DNA zinagwetsa makwererowo: anthu onse a lero ndi mtundu umodzi umene unayambira mu Africa zaka ngati 300,000 zapitazo, ndipo Mpwitikizi ali pafupi ndi cimpanzi monga momwe alili Mngoni wa ku Ulongwe, osaposa, osacepera. Gogo akayang'ana cithunzico saona zimenezi. Aona citonzo cakale cija citavala malaya a sukulu.

Tikudziwa kuti wina adzakweza dzanja nkufunsa za Adamu ndi Hava. Funsolo ndi labwino, musalizembe, koma itanani abusa kapena ansembe mulipatse tsiku lakelake. Pa phunziro ili jambulani mtengo pa bolodi. Yambani ndi mbumba ya wophunzira mmodzi: agogo pa tsinde, ana ao pa nthambi, asuweni ku nsonga. Mufunse ngati msuweni anabala mnzake. Akaseka, fufutani mainawo, mulembe munthu ku nsonga ina, cimpanzi ku ina, nyani ku nthambi ya patali. Mau akuti nyani, nthambi ndi msuweni akuthandizaninso pa "ny", "nth" ndi "ms", zimene ambiri zimawavuta m'caka coyamba.