Mitu 600, yopulumuka 16

Wanthabwala wa pa siteji ali ndi zida zambiri. Amene tinakula tikuonera Izeki ndi Jakobo tikudziwa kuti nthawi zina tinkafa nalo phwete munthu asanatsegule n'komwe pakamwa: kayendedwe kake, katong'oledwe ka maso, ngakhale kachetechete kaja mnzake akamamudikira kuti ayankhe. Wolemba nthabwala papepala zonsezi alibe. Ali ndi mawu 10 kapena 15 basi, ndipo womuwerenga ali yekhayekha, wopanda mnzake womuyambitsira kuseka. Paja chiseko n'chopatsirana ngati chimfine. Kuseketsa munthu amene wakhala duu payekha ndi ntchito yakalavulagaga.

Pa ntchito imeneyi ndimachotsera chipewa The Onion, nyuzipepala ya nkhani zopeka ya ku America. Anaiyambitsa mu 1988 ophunzira awiri a pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison, Tim Keck ndi Christopher Johnson, ndipo inafika pa intaneti mu 1996. Chinsinsi chake n'choti siimwetulira. Imalemba zamisala ndi mawu aulemu, odekha, a mtolankhani amene wavala taye.

Mu nyuzipepala wamba, mtolankhani amalemba nkhani, mkonzi n'kudzaika mutu pomaliza. Ku The Onion amayambira kumutu. Mlembi aliyense amabwera ku msonkhano ndi mndandanda wa mitu, imawerengedwa anzake akumva, ndipo mutu ukakanika kuima pawokha umafera pomwepo. Mu 2008 pulogalamu ya pa wailesi ya This American Life inalowa mu msonkhano woterewu ndipo inapeza kuti pa mitu pafupifupi 600 ya sabata imodzi, yopulumuka inali 16. Kumeneko ndiye kupeta. Mayi wodziwa lichero sachita chisoni ndi gaga, ngakhale kuti gagayo wachokera ku chimanga chomwe anachilima yekha.

Chimene chimandikhudza n'choti nkhani zikatuluka sizikhala ndi dzina la mlembi. Amene anapeka mutu mwina si amene analemba nkhaniyo, ndipo amene anakonza liwu lomaliza ndi winanso. Anthu amaganiza kuti nthabwala imangotumphuka mumtima mwa munthu mmodzi waluso. Koma yabwino imakulira m'manja mwa anzako amene amakukonda mokwanira kukuuza kuti iyi sinapse.

Taonani nkhani imodzi ya mu 2002. The Onion inalemba kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo ya America akuopseza kuti asamuka mu Washington ngati sawamangira nyumba yatsopano ya denga lotseguka ndi kutsekeka. Kwa munthu wa ku America, fupa la nthabwalayi linali poyera: umu ndi momwe eni matimu a masewero amaopsezera mizinda yawo, kuti mukapanda kutimangira bwalo ndi ndalama za msonkho tipita kwina. Alembiwo anangotenga chilankhulo cha eni matimu n'kuchiika m'kamwa mwa aphungu, osawonjezera liwu limodzi losonyeza kuti akucheza. Kunalibe kutsinzinira owerenga diso. Nkhaniyo inaoneka yeniyeni moti nyuzipepala ya Beijing Evening News ya ku China inaisindikiza ngati yoona.

Ena amati pamenepa ndiye pali ngozi, poti masiku ano bodza likuthamanga pa mafoni kuposa moto wolusa. Nkhawa yawo ndikuimvetsa. Komabe wabodza amafuna kuti ukhulupirire mpaka kalekale, pamene wanthabwala amafuna upusitsike kwa kamphindi, kenako udzidzimuke n'kuona chinthu chimene unachizolowera ngati kuti ukuchiona koyamba. Chiseko chimabadwira pa kudzidzimukapo. The Onion inafotokoza mfundo yomweyi ku Khoti Lalikulu la America mu 2022, poikira kumbuyo Anthony Novak, yemwe anamangidwa chifukwa chopanga tsamba la pa Facebook lotsanzira apolisi a mumzinda wa Parma ku Ohio. Inati kukakamiza wolemba kuti azichenjezeratu owerenga kuti akungoseka n'kupha nthabwalayo isanabadwe. Khotilo linakana kumva mlanduwo mu 2023, koma mfundoyo ine ndimaivomereza.

Sindinganene kuti zonse zimene amalemba n'zakupsa. Kawirikawiri mutu ndiye umakhala ndi mafuta onse, ndipo ndime zotsatira zimangotafuna zomwe mutu wameza kale. Ndimawerenga ndime ziwiri n'kusiya. Nthawi zinanso amaponya mwala pomwe sipayenera. Mu 2013, usiku wa mphoto za Oscar, analemba pa Twitter mawu otukwana okhudza Quvenzhané Wallis, mtsikana wa zaka 9 wochita mafilimu. Mwina cholinga chinali kunyoza khalidwe la anthu okonda kujeda akatswiri, koma mwala unagwera mwana. Mkulu wa kampaniyo, Steve Hannah, anapepesa poyera ndipo analonjeza kukhwimitsa ndondomeko ya zolemba za pa Twitter. Nthabwala yaifupi ilibe malo odzikonzera. Ikaphonya yemwe imafuna kulasa, chotsala ndi chipongwe chokha.

Ntchito yawo imene ndimaiona kuti ndi yapamwamba kuposa zonse siseketsa kwenikweni. Mu May 2014, munthu wa mfuti atapha anthu ku Isla Vista ku California, anatulutsa kankhani kakafupi. Mutu wake, umene anaupeka Jason Roeder, unkati palibe njira yopewera zoterezi, likutero dziko lokhalo kumene zimachitika pafupipafupi. Theka loyamba la chiganizocho ndi mawu amene anthu amanena pa maliro otere, theka lachiwiri ndi choonadi chimene chimawagwetsa mawuwo. Mlembi sanalalikire, sanatchule chipani, sanatchule lamulo la mfuti. Anangoika zinthu ziwiri pafupi n'kuchokapo.

Ndiye a The Onion anachita chinthu chimene buku lililonse la luso lingakuletse: nkhaniyo anaibwereza. Kawirikawiri kukachitika chiwembu china chachikulu cha mfuti, amatulutsa nkhani yomweyo, mutu womwewo, n'kungosintha dzina la malo, chithunzi ndi chiwerengero cha omwalira. Nthabwala wamba ukaibwereza imasukuluka. Iyi imalemera nthawi iliyonse, chifukwa kubwerezako ndiko kukunena mlandu. Mu May 2022, ana 19 ndi aphunzitsi awiri ataphedwa pa sukulu ku Uvalde ku Texas, tsamba loyamba la The Onion linadzaza ndi mutu umodzi womwewo maulendo 21. Ndinaliyang'ana tsambalo nthawi yaitali, ndikutsitsa ndi chala, mzinda ndi mzinda, ndipo kukhosi kwanga kunauma.

Dzina la Roeder silinali pa nkhani ija. Ambiri analidziwa mu 2018, pambuyo pa chiwembu cha pa sukulu ku Parkland ku Florida, pamene iye analemba pa Twitter kuti popeka mutuwo sankadziwa kuti tsiku lina udzanena za sukulu yomwe ili mtunda wa mailo imodzi kuchokera kunyumba kwake.