Kudumpha kokha si luso

Amene tinakulira pa bawo timadziwa kuti luso limabwera ndi kuchita, ndipo palibe anakhalapo katswiri pongoonerera anzake. N'chifukwa chake ndimakopeka ndi masewera a pakompyuta amene munthu amasewera ngati ngwazi ya m'nthano, makamaka aja amene luso la ngwaziyo limakula malinga ndi zimene ikuchita. Ukamaponya mivi, luso la uta limakwera. Ukamasula zitsulo, umasanduka mmisiri. Ganizoli ndi labwino, koma dandaulo langa ndi lakuti opanga masewerawa amakonda kuwerenga kuchuluka kwa ntchito m'malo moyeza kulemera kwake.

Vutoli ndi lakale. M'sewero la ku Japan lotchedwa Final Fantasy II, la mu 1988, thupi la ngwazi linkalimba ikamavulazidwa. Osewera atazindikira zimenezi anayamba kumenya anthu a gulu lawo lomwe. Mu Morrowind, amene kampani ya Bethesda inatulutsa mu 2002, kudumpha kulikonse kunkawonjezera luso, choncho ena ankangodumphadumpha ulendo wonse. Paja amati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma iye uja ankadziwa kumene akupita.

Mu Oblivion, wa mu 2006, Bethesda inakonza zoti adani azikula mphamvu pamodzi ndi wosewera. Mapeto ake, amene anakwera chifukwa cha kuthamanga ndi kudumpha ankakumana ndi zilombo zoopsa asanadziwe kugwira lupanga. Mu Skyrim, wa mu 2011, luso la kudumpha analichotsa, koma anthu anapeza njira ina yachidule: kusula timipeni tachitsulo mazanamazana mpaka kukhala amisiri aakulu. Mu 2012 kampaniyo inasintha lamulo kuti luso lizikwera potengera mtengo wa chinthu chimene wasula. Apo ndiye inayamba kuganiza bwino.

Kuno ku Zomba chitsanzo chili pafupi. Taonani amayi amene amatsika phiri atasenza mitolo ya nkhuni kuchokera chakumtunda kwa Ku Chawe mpaka m'tauni. Khosi ndi miyendo yawo zinalimba chifukwa katunduyo ndi wolemera ndipo njirayo ndi yotsetsereka. Munthu atati azizungulira bwalo la nyumba yake tsiku lonse atanyamula kamtengo kamodzi, sangafanane nawo. Chimodzimodzi pa bawo: ukamagonjetsa mwana tsiku ndi tsiku sukuphunzira kanthu, ukungomuzunza.

Kwa ine, sewero lokonzedwa bwino liyenera kusunga mfundo zitatu. Yoyamba, luso lizikwera kwambiri pamene ntchito ili yovuta ndipo wosewera angathe kulephera. Yachiwiri, masitepe omaliza azikhala otalikirana. Mu RuneScape, wa mu 2001, kufika pa mlingo wa 99 kumafuna mapointi opitirira 13 miliyoni, ndipo pa mlingo wa 92 umakhala utangofika theka. Komabe mfundoyi payokha siyokwanira, chifukwa imangotalikitsa kubwereza komweko. Yachitatu, pakhale malire. Ultima Online, wa mu 1997, anaika malire a mapointi 700 pa maluso onse pamodzi, kotero kuti ukafika pamenepo luso lina limayenera kutsika kuti lina likwere. Munthu sangakhale msodzi, kalipentala ndi sing'anga wotchuka nthawi imodzi.

Wina anganene kuti awa ndi masewera chabe. Koma mwana amene wakhala maola ambiri akulandira mphotho chifukwa chodinadina batani lomwelomwelo akuphunzira kanthu kena pa nkhani ya ntchito. Ife a m'maofesi a boma timaudziwa mkangano umenewu, chifukwa nafenso timatsutsana ngati munthu ayenera kukwezedwa poona zaka zimene wakhala pa desiki kapena zimene wachita pa desikipo. Opanga masewera ali ndi mwayi umene ife tilibe: malamulo onse amalemba okha, kuyambira pachiyambi. Choncho sindiwakhululukira akamapereka ulemu wa mmisiri kwa munthu amene wasula kampeni kamodzimodzi kachikwi.