Ulemu wa Kutcha Dzina Mwana Wamkazi

Mwa miyambo yonse imene makolo athu anatisiyira m'midzi ya Machinga ndi Balaka, kuyambira m'mbali mwa Shire ku Liwonde kufikira ku Utale, palibe wondikondweretsa mtima koposa kutcha dzina mwana wamkazi. Mchombo ukagwa, mayi natuluka m'chikuta, agogo amalandira khandalo m'manja mwao, nalimeta tsitsi lobadwa nalo, nalitcha dzina lonena zimene banja lapitamo: Tiyamike, ngati anamdikira zaka zambiri, Chisomo, ngati mayi anapulumuka pobereka, kapena dzina la gogo amene anatsogola, kuti chikumbutso chake chisafe.

Dzina lachiwiri limadza ndi chipembedzo. Kwa Ayao achisilamu mwana amatchedwa Amina, Fatuma kapena Mariamu pamaso pa shehe, ndipo akakula amalemekezedwa ndi Abiti, ndiko kunena mwana wamkazi wa uje. Kwa Akatolika amalandira pa ubatizo dzina la woyera, monga Tereza. Motero mwanayo amayenda ndi maina awiri, lina la kwao, lina la pamaso pa Mulungu.

Inu makolo a lero, musatole dzina pa wailesi osadziwa tanthauzo lake. Funsani agogo, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.