Mawu amene adasowa mu lipoti la msika wa Khirisimasi

Mu Novembala 2023 mlembi wa mpingo wathu, kuno ku Blantyre, adandipatsa pepala loti ndimasulire m'Chichewa. Chinali chilengezo cha msika wa Khirisimasi, womwe cholinga chake chinali kupeza ndalama zofolerera nyumba ya Sande sukulu. Mu Januwale adandipatsanso lina, lipoti la momwe msikawo udayendera. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kumasulira, ndipo kumpingo akangodziwa kuti uli ndi khasu sachedwa kukulozera munda. Mapepala awiriwa ndi aafupi, ndipo palibe amene adawalemba kuti asungidwe, koma ndakhala ndikuwabwereza kuposa mabuku ena amene ndimalipidwa powamasulira. Pano ndikufuna kuwaunika monga timaunikira cholembedwa china chilichonse, poona zimene chanena ndi zimene chasiya. Mpingowo sindiutchula, chifukwa zimene ndidaonazi si za mpingo umodzi.

Chilengezo chidalembedwa m'Chingerezi ndi bambo wina wa m'komiti, amene adandiuza mosabisa kuti adatengera cha kumpingo wa mwana wawo ku Britain. Chinkapempha zinthu ziwiri, katundu ndi anthu. Katundu adamutchula bwinobwino: zovala zosatha kwambiri, nsapato, mabuku, zidole, makeke, ziwiya zakukhitchini. Anthu adangopatsidwa mzere umodzi kumapeto, woti amene angathe kuthandiza alembetse kwa mlembi. Mzere umenewo ndi umene udandigoneka mochedwa.

Mawu oyamba kundibwerera anali akuti mavolontiya. Ndi mawu odziwika, koma ali ndi fungo la kumene adachokera. Adafala ndi mabungwe, makamaka m'zaka zimene Edzi idadzaza nyumba ndi odwala ndipo anthu a m'mudzi ankaphunzitsidwa kuwasamalira pakhomo. Munthu akamva kuti volontiya amaona malaya olembedwa dzina la bungwe, njinga yakapalasa, ndi funso losayankhidwa bwino lija loti kodi pakhala kangachepe. Ndikadalemba mawu amenewa, mlembi akadatopa ndi kuyankha za alawansi.

Ndidalemba kuti odzipereka. Nditalemba m'pamene ndidaona chimene chiyankhulo chathu chidachita kalekale. Mbale imene imayenda m'tchalitchi imatolera chopereka. Amene wabweretsa thumba la chimanga wapereka. Amene wabwera ndi manja ake okha kudzasesa bwalo wadzipereka. Muzu ndi umodzi. Chingerezi chija chinali ndi mawu awiri osadziwana, ena a katundu, ena a anthu, pamene Chichewa chidaika zonse m'mbale imodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriyu chopereka chake ndi iye mwini. Usiku umenewo ndidasangalala kuti chilengezo chatuluka cholemera kuposa mmene chidalowera.

Panali chinthu china chimene sindikadatha kumasulira, ndicho tsiku. Ku Britain msika wotere umagwa m'nyengo yozizira, anthu akusakasaka mphatso zogulira abale. Kuno Disembala ndi mwezi wa mvula ndi khasu. Nkhokwe zapepuka, ndalama zapita ku mbewu ndi fetereza, fizi ya Januwale ili pakhomo. Mipingo yathu ili nayo kale nthawi yake yobweretsa katundu, ndiyo masika, pamene anthu akolola ndipo chimanga, mtedza, maungu ndi nkhuku zimabwera kuguwa popanda kulanda mwana nsima. Kupereka kwa masika kumachokera pamwamba pa nkhokwe, pamene kwa Disembala kumachokera pansi pake. Chaka chimenecho zinthu zidanyanya, pakuti mu Novembala momwemo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya mafuta ophikira, shuga ndi ufa wa tirigu sidadikire kuti Khirisimasi idutse. Chilengezo sichidanene kanthu za zimenezi, ndipo ine womasulira ndidangotsatira.

Amene adayankha mzere wotsiriza uja anali amayi. Izi sizidadabwitse aliyense. Mipingo ya m'dziko muno yakhala ikuyenda pamsana pa magulu a amayi kwa zaka zambiri: Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Umanyano ku Livingstonia, Chigwirizano cha ku Nkhoma chimene chidayamba mu 1940, amayi a Dorika kwa a Adventist, ndi amayi a m'miphakati kwa Akatolika. Ndi iwo amaphika pamaliro, kuzonda odwala ndi kukolopa tchalitchi. Kwathu adabwera 14. Kwa masiku atatu adasankha zovala zopatsidwa, kuchapa zakuda ndi kusoka zong'ambika. Lachisanu usiku adachezera kukazinga mandasi ndi zitumbuwa, thobwa ataliphika kale. Ufa, mafuta, shuga ndi makala adagula okha.

Ine ndidabweretsa zovala zodzaza chikwama, zambiri mwa izo za kaunjika. Wina kutsidya kwa nyanja adazitaya ngati thandizo, ine ndidazigula pabelo, nditatopa nazo ndidazipereka ku mpingo, ndipo mayi wina adazichapa ndi sopo wake. Ndidaikanso ndalama mu envulopu, dzina langa pamwamba.

Lipoti la mu Januwale linali laukhondo. Linali ndi mndandanda wa matebulo ndi ndalama zimene tebulo lililonse lidapeza, kenako mayina a amene adathandiza. Mayinawo anali a ife a maenvulopu, ndi a bambo awiri amene adabwereketsa galimoto ndi tenti. Amayi 14 aja adalowa m'chiganizo chimodzi chothokoza onse amene adagwira nawo ntchito. Tebulo la mandasi lidalembedwa ngati phindu lonse, popeza kumbali ya zogula kunalibe kanthu. Ndidafunsa amayi angapo zimene adawononga, n'kuphatikiza papepala. Ndalama zimene adagulira zipangizo zidaposa zimene tebulolo lidapeza. Akadangoponya ndalamazo m'mbale n'kukagona, nyumba ya Sande sukulu ikadapeza malata ochulukirapo.

Ndidapita ndi pepala langalo kwa msungichuma.

"Achemwali," adatero, "tikalemba zimenezo lipoti lioneka ngati tidaluza."

"Tidaluzadi, bambo," ndidayankha, "kungoti amene adaluzawo si amene akuwerenga lipoti."

Apa m'pamene lipotilo likulepherera ngati cholembedwa. Silinama, nambala iliyonse ndi yoona. Koma limaona chokhacho chimene chidadutsa m'manja mwa msungichuma. Mawu aja akuti odzipereka, amene ndidanyadira nawo mu Novembala, mu lipoti munalibe, ndipo ndikadafuna kuwabwezeramo panalibe mzere woti ndiwaikepo.

Chiyankhulo chathu chidaonapo kale zimene zimachitikira mawu a thandizo pamene mbali imodzi yokha ndiyo ikulemba. Kuthangata kunali kuthandiza. Monga padima, anthu ankalima munda wa mnzawo, iye n'kuwadyetsa, mawa n'kukalimanso kwa wina. M'minda ya azungu ya kuno kum'mwera mawu omwewo adasanduka thangata, ntchito yokakamiza imene munthu ankalipirira malo okhala. Inali limodzi mwa madandaulo amene adautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915, ndipo idathetsedwa mu 1962. J. A. K. Kandawire adalemba buku lonse mu 1979 pofufuza mmene kuthandizana kudasandukira kukakamiza. Sindikunena kuti msika wa mpingo ndi thangata. Palibe amene adakwapulidwa kapena kuthamangitsidwa pamalo. Ndikungonena kuti mawu abwino amatha kuwola, ndipo amayamba kuwola pamene ntchito ya wina yatengedwa ngati mvula, chinthu chongogwa chokha. Padima mwini munda ankadziwa amene abwera, ndipo ankadziwa kuti ali ndi ngongole.

Komabe pali yankho limene sindingalilumphe, chifukwa lidachokera kwa mwini nkhani. Mwa amayi aja munali mayi wina wachikulire, wamasiye, amene amagulitsa masamba pamsika waung'ono wa kwathu. Ndidawafunsa ngati akufuna kuti mpingo uwabwezere za ufa ndi mafuta.

"Mwana wanga, za Mulungu sitiwerengera," adatero. "Kupatsa n'kuikiza."

Adandiyang'ana ngati ndawachotsera ulemu, ndipo mwina ndidaterodi. Mphatso ikalembedwa mtengo imayamba kuoneka ngati ganyu. Iwo sadabwere kudzagwira ganyu, ndipo sadafune kuti dzina lawo limveke paguwa. Koma nditatembenuka kuti ndizipita adaonjezera motsitsa mawu: "Kungoti chaka chamawa mudzandikhululukire. Ana kunyumba adadya Khirisimasi yopanda mafuta."

Ziganizo ziwirizi ndimazisunga pamodzi, chifukwa zonse ndi zoona. Wopereka ali ndi ufulu wosawerengera. Wolandira ndiye alibe ufulu umenewo. Nkhani ya mayi wamasiye wa tindalama tiwiri, ya pa Marko 12, timakonda kuilalikira kwa osauka kuti apereke mosaumira. Timaiwala kuti m'nkhaniyo muli wina amene adakhala pansi n'kumayang'anitsitsa, ndipo adadziwa zimene mayiyo adatsala nazo kunyumba. Lipoti la mpingo liyenera kukhala ndi maso otero. Ngati mayina sayenera kutchulidwa, asatchulidwe onse, kuyambira ndi langa. Ngati ayenera kutchulidwa, usiku wa pamoto usachepe poyerekeza ndi envulopu. Ndipo ngakhale popanda dzina lililonse, komiti iyenera kudziwa kuti tebulo lina limadya ndalama za anthu amene ali nazo zochepa, kuti isamabwereze chaka ndi chaka ikuganiza kuti ikupindula.

Mu 2024 komiti idavomera chinthu chimodzi, kuti ufa, mafuta ndi shuga zigulidwe ndi ndalama za mpingo. Tsiku lidakhalabe la mu Disembala, ndipo mayina a maenvulopu adawerengedwanso. Amayi adabwera 9. Mayi achikulire aja sadabwere kudzakazinga, koma adatuma mdzukulu wawo ndi mtolo wa nkhuni. Lipoti litafika kwa ine, nkhunizo munalibe. Womasulira saloledwa kuonjezera zimene mwini sadalembe, ndipo lamulo limeneli ndimaliphunzitsa kwa ena. Ndidalemba mzere umodzi pansi pa katundu wolandiridwa, wopanda dzina, woti mtolo umodzi wa nkhuni, ndipo ndidauza mlembi kuti ndatero. Adauwerenga paguwa pamodzi ndi zina zonse.