Filimu ya The Message: ulemu womwe udasiya mpata m'mbiri

Papita zaka zambiri chitulukireni filimu ya The Message, m'Chiarabu Ar-Risala, yomwe Moustapha Akkad wa ku Syria adatulutsa mu 1976. Asilamu ambiri adamva mbiri ya Mtumiki Muhammad (SAW) kudzera mu filimuyi asanatsegule buku lililonse la sira. N'chifukwa chake iyenera kuunikidwanso mofatsa.

Pali zambiri zoiyamikira. Akkad sadaonetse nkhope ya Mtumiki (SAW), ndipo mawu ake samveka. Maswahaba akamalankhula naye amayang'ana kamera, woonera n'kuzindikira yekha kuti alipo. Gawo la Ja'far pamaso pa mfumu Najashi ya ku Habasha, komanso la Bilal atapanikizidwa ndi chimwala pamchenga wotentha, likugwirabe mtima mpaka lero.

Ngakhale zidali choncho, maulama sadagwirizane. A ku Al-Azhar adavomereza zolemba za filimuyi, pomwe bungwe la Rabita la ku Makka lidaikana. Funso la fiqh lidali lakuti: kodi wochita zisudzo angayimire Swahaba? Oletsa adaopa kuti ulemu wa Maswahaba uchepa ndipo awaikira mawu omwe sadalankhule. Ovomereza adayang'ana phindu la da'wa, bola Mtumiki (SAW) ndi oyandikana naye kwambiri asaonetsedwe. Ku Saudi Arabia filimuyi idaonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 2018.

Kusamala kumeneku kudabala vuto lomwe mphunzitsi wa mbiri ayenera kulizindikira. Poti Abu Bakr, Umar, Uthman, Ali ndi akazi a Mtumiki (SAW) saoneka, nkhani idatsamira pa Hamza, yemwe Anthony Quinn adamuyimira. Hamza (RA) adalidi ngwazi, koma adaphedwa pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 3 cha Hijra, kutatsala zaka zisanu kuti Makka igonjetsedwe. Wophunzira wodalira filimu yokha sangaone udindo wa Khadija (RA) pomwe chivumbulutso chinkayamba, ngakhale mphamvu yomwe Asilamu adapeza Umar (RA) atalowa Chisilamu. Adziwa bwanji chifukwa chomwe Abu Bakr (RA) adasankhidwira kukhala Khalifa?

Choopsa china n'chakuti chithunzi chimakhazikika m'mutu kuposa zolembedwa. Ambiri akamva dzina la Hamza amaona nkhope ya Quinn, ndipo mawu a wolemba sewero amawayesa hadith. Nkhawa ya maulama oletsa aja sidali yopanda maziko.

Filimuyi ikadali yabwino, ndipo yoipambana pa nkhaniyi ndi yosowa. Koma mphunzitsi amene asankha kuionetsa akhale ndi sira ya Ibn Hisham kapena Ar-Rahiq al-Makhtum pafupi. Ikatha, afunse ophunzira kuti ndani sadaoneke, adachita chiyani, nanga umboni wake uli m'buku liti. Allah ndiye Wodziwa bwino koposa.